Chisipanishi ku Los Angeles ndi ku Miami

Tiyeni tisuzumire pang'ono ku America.

Tikawerenga mitu ya anthu, Los Angeles ndiye ali patsogolo. Kalembera wa 2020 anapeza kuti m'boma la Los Angeles muli anthu pafupifupi 4.8 miliyoni amene kwawo kapena kwa makolo awo ndi kumayiko olankhula Chisipanishi, makamaka ku Mexico. M'boma la Miami-Dade, momwe muli mzinda wa Miami, sakwana 2 miliyoni.

Komatu ku Miami-Dade anthuwa ndi pafupifupi 7 mwa 10 alionse, ndipo mphamvu zili m'manja mwawo. Ambiri mwa amene anayamba kuthawa ku Cuba n'kupita ku Miami Fidel Castro atalanda boma mu 1959 anali ophunzira ndi odziwa malonda, choncho sanachedwe kutsegula masitolo, makampani ndi mabanki. Mu 1985 mzinda wa Miami unasankha meya wobadwira ku Cuba, Xavier Suarez.

Los Angeles, mzinda umene olankhula Chisipanishi anauyambitsa okha mu 1781, unakhala zaka zoposa 130 wopanda meya wa mtundu wawo, mpaka Antonio Villaraigosa atapambana mu 2005. Izi zimandikhudza mtima, chifukwa ambiri omanga nyumba, osoka zovala ndi ophika m'malesitilanti a mzindawo ndi iwowa. Nyuzipepala yawo, La Opinión, inayamba kalekale mu 1926.