Cifalansa ndi Citaliyana: Kodi Mwana Angadye Nazo?

Mwezi wathawu titatuluka m'chalichi, mai wina wa gulu la Legio anandiimika pansi pa mtengo wa mango. Mwana wao wamkazi watsiriza Giredi 12, ndipo phunziro limene anakhoza koposa onse ndi Cifalansa. Mwanayo afuna kukacipitiriza ku koleji. Atate ake akana. Akuti ndalama za nshawa sangazitaye pa citundu cimene sicimveka pa msika wa Petauke kapena pa nthoci za pa Nyimba. "Aphunzitsi," anatero maiwo, "inu munalawako zimenezi ku seminale. Tiweruzeni."

Ndiyankha pano cifukwa nkhaniyi si ya banja limodzi. Atatewo alakwa ponena kuti Cifalansa cilibe nchito. Koma mwananso alakwa ngati aganiza kuti citundu pacokha cidzamudyetsa.

Tikumbukire a Bambo Oyera amene anatsegula Minga mu 1923. Cipani cao anaciyambitsa ndi Mfalansa, Kadinala Lavigerie, ku Algeria mu 1868, ndipo Ambuye Firmin Courtemanche, amene anatsogolera dayosisi yathu asanalowe Ambuye Medardo Mazombwe, anali wa ku Canada wolankhula Cifalansa. Anthu amenewa anavutikira Cinsenga ndi Cinyanja mpaka kuzidziwa. Anavutikiranji? Anali ndi nchito m'manja: kulalika, kumanga, kuphunzitsa, kuciritsa. Citundu cinali njira yofikitsira nchitoyo kwa anthu. Mwana wathu naye ayambe wadzifunsa kuti Cifalansaco cidzanyamula nchito yanji.

Nchitozo zilipo, ndipo sizili kutali ngati Paris. Dziko la Congo, limene ticita nalo malire, liyendetsa boma, makhoti ndi maofesi m'Cifalansa. Anthu a ku Lubumbashi ndi midzi ya migodi ya kumeneko amadya ufa wambiri wocokera kuno, ndipo magalimoto a katundu amafola mtunda wautali pa Kasumbalesa. Pa msika munthu angathe kudutsa ndi Ciswahili kapena Cibemba, koma mapepala a kasitomu ndi mapangano a malonda tsidya lija afuna Cifalansa. Inu alimi, cimanga canu cikacoka pa sikelo ya vendala, ena amene amapindula naco kutsogoloko ndi odziwa kuwerenga mapepala amenewo. Bwanji asakhale mwana wanu?

Ku Lusaka kuli likulu la COMESA, bungwe la zamalonda limene linayamba mu 1994. Zitundu zake za nchito ndi Cingerezi, Cifalansa ndi Ciarabu, pakuti muli maiko monga Congo, Burundi, Madagascar ndi Djibouti. Kumeneko amafuna omasulira, koma osati womasulira wa Giredi 12. Afuna munthu wodziwanso malamulo, zacuma kapena zaulimi. Ku Meheba ndi ku Mantapala kuli othawa nkhondo a ku Congo, ndipo namwino womva Cifalansa ndi wamtengo wapatali kumeneko. Uphunzitsi nawo ulipo: University of Zambia ndi Kwame Nkrumah University ku Kabwe zimaphunzitsa Cifalansa, ndipo ku Alliance Française ku Lusaka munthu amalemba mayeso a DELF, amene pepala lake lizindikirika kunja.

Citaliyana khomo lake ndi lopapatiza, ndipo ndisakunamizeni. Ataliyana anagwira nchito zazikulu m'dziko muno. Kampani ya Impresit inamanga damu la Kariba, limene linatha mu 1959, ndipo paipi ya mafuta ya TAZAMA ya mu 1968 nayonso inamangidwa ndi iwo. Koma zimenezo zinapita. Lero Citaliyana cithandiza kweni-kweni ansembe ndi asisitere otumidwa kukaphunzira ku Roma, monga pa Urbaniana, ndi ogwira nchito ndi mabungwe a Citaliyana othandiza pa zaumoyo ndi maphunziro. Ku Mfuwe wotsogolera alendo wodziwa Citaliyana kapena Cifalansa aposa anzake, koma ayenera kuyamba wakhoza mayeso a nyama, mbalame ndi mitengo. A Comboni, amene cipani cao cinacokera ku Italy, ku Chikowa amaphunzitsa anyamata ndi atsikana luso la manja, osati Citaliyana. Iwo adziwa cimene cidyetsa munthu kuno.

Pano ndicenjeze. Akabwera munthu wonena kuti adzapezera mwana wanu nchito yosamala nkhalamba ku Italy, inu mungopereka pasipoti ndi ndalama za ng'ombe ziwiri, pitani naye kwa Abambo Mfumu kapena ku polisi musanagulitse kanthu. Mu Okutobala 2013 anthu oposa 360 ocokera ku Africa anamira pafupi ndi cisumbu ca Lampedusa akufuna kulowa m'dziko lomwelo.

Kunena zoona, ife a ku Nyimba ndi Petauke Mozambique ndiye tili naye pakhomo, ndipo ndimadabwa kuti Cipwitikizi sitimacichula n'komwe. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Maiwo ndinawauza kuti mwana apite, koma Cifalansa acitenge pamodzi ndi uphunzitsi, unamwino kapena maphunziro oombola katundu pa malire, ndipo asankhe asanakwere basi. Atate ake sanavomerebe. Tapangana kukumana Loweruka, akatha kukumba nshawa.