Za Kupempha Katundu Wotha Ntchito M'makomo

Pafupifupi pakhomo paliponse pa Liwonde, pa Ntaja kapena pa Balaka pali katundu amene eni ake analeka kumugwiritsa ntchito koma amachita ulesi kumutaya: makalendala a zaka zapitazo, makatoni, zitsekerero za mabotolo, nyuzipepala zakale, wotchi yakufa, tinsalu totsala kwa telala. Zimenezi zimangodzaza kunsi kwa bedi kufikira chiswe ndi makoswe atazitha. Ife tikuti malo oyenera zambiri mwa zinthu zotere ndi kusukulu, ndipo ndi udindo wanu, inu amene mukuphunzira uphunzitsi, kudziwa kapemphedwe kake.

Boma litathetsa fizi m'sukulu za pulaimale m'chaka cha 1994, ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo mabuku ndi zipangizo zinaperewera kwambiri. Pofuna kuthandiza pa vuto lotere, a Malawi Institute of Education ku Domasi akhala akulimbikitsa njira ya TALULAR, ndiko kuti kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi. Ambiri akamva zimenezi amangoganiza za timitengo, miyala ndi dongo, naiwala kuti nyumba za makolo nazonso ndi nkhokwe.

Kuno kwathu nkhaniyi ili ndi kulemera kwina. Ana ambiri a ku Machinga amafika mu Sitandade 1 akulankhula Chiyao kwawo, pamene phunziro likuperekedwa m'Chichewa kapena m'Chingerezi. Mwana wotere mawu angampite, koma chinthu chimene wachigwira m'manja sichimupita. Zitsekerero khumi zikagawidwa pawiri, wayamba kale kumva masamu. Wotchi yakufa ndiyo yabwino kuposa yamoyo, pakuti mivi yake imapita kumene mphunzitsi wafuna. Mapaketi opanda kanthu a shuga, sopo ndi machesi amasanduka kasitolo ka m'kalasi, mmene ana amaphunziramo kugula, kugulitsa ndi kubweza chenje.

Komatu sukulu si dzala. Mphunzitsi akangonena kuti, "Mawa aliyense abwere ndi zinthu zosafunika kwawo," adzalandira mulu wa zinyalala, ndipo pakutha pa sabata kalasi idzakhala yonyansa kuposa nyumba zimene zinthuzo zachokera. Pemphani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, mutadziwa kale phunziro limene chidzagwiremo ntchito. Ndi bwinonso kudzera kwa mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu, kuti makolo amve pempho kuchokera kwa anthu amene amawadziwa, ndi kutinso mwana asatenge mwakuba chinthu chimene mayi ake akuchifunabe.

Pali zina zoyenera kuzikana ngakhale zitaperekedwa ndi mtima wabwino. Balaka ndi boma la thonje, ndipo m'makomo ambiri muli mabotolo amene munali mankhwala opopera m'munda. Botolo lotere, ngakhale litatsukidwa, lisalowe m'kalasi, chifukwa mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi saona chovuta kumweramo madzi. Chimodzimodzinso mabatire otha, malezala, magalasi osweka ndi zitini zakuthwa kukamwa. Kanani mwaulemu, ndipo fotokozani chifukwa chake, pakuti kufotokozako ndi phunziro kwa kholo lomwe.

Mfundo imene tikufuna kuitsindika koposa ndi iyi: si khomo lililonse limene lili ndi katundu wotsala. Pali mabanja amene chitini chopanda kanthu ndicho chikho chawo, thumba la feteleza ndilo mphasa, ndipo katoni ndiye sutikesi. Mwana wochokera pakhomo lotere akabwera chimanjamanja sanachite mwano ayi. Kumubweza, kumupatsa chilango kapena kulemba mayina a amene sanabweretse ndi kumulanga kaamba ka umphawi wa makolo ake, ndipo ena mwa ana otere akachita manyazi kawiri katatu amaleka sukulu. Nchifukwa chake pempho lalikulu lizipita kwa amene ali nazo: eni magolosale, atelala a pamsika, ogwira ntchito m'maofesi, ndi ife aphunzitsi amene. Zobwera nazo ziikidwe pamodzi popanda kutchula mwini, kuti zikhale za kalasi yonse.

Akuluakulu anati kupatsa nkuika, ndipo mawuwa akukhudza inunso. Pomaliza nthawi yanu yoyeserera kuphunzitsa mudzakhala ndi matchati, makadi a malembo ndi zowerengera zambiri. Musazinyamule kuti zikawolere m'sutikesi, ndiponso musazisiye mbwee pawindo. Zisankheni, zowonongeka muzitaye, zabwino muziike m'katoni, mulembepo kalasi ndi phunziro lake, ndipo muzipereke m'manja mwa mphunzitsi amene atsale ndi anawo.