Siyani foniyo, yang'anani mbale ya Walter White

Ndatopa nanu amene mumati kufufuza tanthauzo la zinthu zobwerezedwa m'masewero a pa TV n'kudzionetsera kuti tinapita kusukulu. Eti ndi filimu chabe. Ayi ndithu, pamenepo mwanama.

Tengani Breaking Bad. M'gawo loyamba, mu 2008, Skyler akuyala bekoni pambale ya mwamuna wake Walter kuti alembe 50, zaka zake zakubadwa. Bekoniyo ngwopanda nyama, ndipo Walter sakutsutsa: bambo womvera, koma wokondedwa. Pa 51, Skyler akuyalabe, koma mokakamizika, nkhope ili ndwii. Banja latsala dzina lokha. Pa 52, Walter ali yekhayekha mu lesitilanti ya Denny's, akuyendera dzina labodza, ndipo nambalayo akudziyalira ndi manja ake.

Palibe amene akutsegula pakamwa kunena kuti munthuyu wataya zonse. Mbale yanena kale. Mukuganiza kuti Vince Gilligan ndi anzake anaibweza katatu mwangozi?

Ndiye mukamaonera maso ali pa WhatsApp, kenako n'kumadandaula kuti Walter anasintha mwadzidzidzi, musanamizire sewerolo. Kamera inakuuzani katatu konse, inu munali kwina.