Nkhondo Itha, Fumbi Litsala

Akonzi a magazini yathu, ndipempha malo pang'ono kuti ndikambe ndi anzanga ophunzira pamodzi ndi aphunzitsi athu olemekezeka za chida china cha nkhondo chimene ambiri a ife sitinamvepo dzina lake. Mfuti tiidziwa, bomba tilidziwa, akasinja nawo tiwaona pa zithunzi. Koma chilipo chipolopolo china chosulidwa ndi chitsulo chimene Azungu achitcha depleted uranium, ndiko kunena yureniyamu wosuluka. Ganizo langa ndi ili: dziko lililonse limene liombera chipolopolo chimenechi m'minda ya anthu liyenera kuulula pamene chinagwera ndi kubwerera kukasesapo, ndipo ngati silifuna kutero lileke kuchigwiritsa ntchito.

Poyamba ndifotokoze kumene chitsulochi chichokera. Yureniyamu akumbidwa pansi, monga uja wa ku mgodi wa Kayelekera m'boma la Karonga, umene unatsegulidwa mu 2009. Potuluka m'nthaka ali ndi mitundu iwiri yosakanizika, wina wotchedwa 238 ndi wina 235. Mwa magawo 1,000, magawo 7 okha ndiwo a 235, ndipo ameneyu ndiye afunidwa popanga magetsi ndi mabomba a atomu. Tsono akatswiri amsefa monga amayi apeta mphale, natenga chimene afuna. Chotsalacho, chimene tingachitche madeya, ndicho yureniyamu wosuluka, ndipo maiko akuluakulu ali nawo milu ya matani zikwi mazanamazana.

Nanga asilikali awakondera chiyani madeya amenewa? Chifukwa chake ndi kulemera. Botolo la lita imodzi mukalidzaza madzi lilemera kilogalamu imodzi, mukalidzaza mtovu lilemera makilogalamu 11, koma mukalidzaza yureniyamu lilemera makilogalamu 19. Chipolopolo cholemera chotere chikagunda kasinja sichibuntha msonga monga zitsulo zina, iyayi, chidzinola chokha polowa, ndipo chikaboola chiyaka moto ndi kutentha onse ali m'katimo. Kuwonjeza apo n'chosakwera mtengo, pakuti chipangidwa ndi zotsalira zimene eni ake anali kusowa kozitaya.

Nkhondo yoyamba imene zipolopolo izi zinaomberedwa zochuluka ndiyo ya ku Gulf ya mu 1991, pamene America ndi anzake anali kupirikitsa ankhondo a Iraq m'dziko la Kuwait. Matani pafupifupi 300 anagwa mu Kuwait ndi kummwera kwa Iraq, ambiri a iwo ochokera ku ndege zotchedwa A-10. Ku Bosnia mu 1994 ndi 1995 ndege za NATO zinaombera zipolopolo zoposa 10,000, ndipo ku Kosovo mu 1999 zinaombera pafupifupi 31,000. Zinagwanso ku Iraq mu 2003, ndi ku Syria mu 2015, kumene America inaombera zoposa 5,000 pa malole onyamula mafuta. Mu 2023 Britain ndi America analengeza kuti apatsako Ukraine.

Tsopano tifike pa za umoyo, ndipo pano ndifuna kunena zoona zokhazokha, popeza nkhani ya mantha ikula msanga m'kamwa mwa anthu. Chipolopolo chili chigonere m'bokosi sichiopsa kwambiri. Cheza chosaoneka chimene chituluka mwa yureniyamu wosuluka n'chochepa kuposa cha yureniyamu wongokumbidwa kumene, ndipo chambiri cha icho sichipyola ngakhale pepala kapena khungu la munthu. Tsoka liyamba pamene chipolopolo chagunda ndi kuyaka, pakuti gawo lina lisanduka fumbi lakuda losalala koposa ufa. Munthu akalipuma likhoza kukhala m'mapapo mwake zaka zambiri, ndipo m'katimo mulibe khungu lotchinjiriza, kotero kuti cheza chija chikhoza kuyambitsa khansa. Likalowa m'magazi lipita ku impso, kumene lichita ngati poizoni, monga achitira mtovu. Zipolopolo zimene zaphonya zilowa m'nthaka ndi kuchita dzimbiri pang'onopang'ono. Ndipo aphunzitsi athu a sayansi adzandivomereza kuti papita zaka 4,500,000,000 kuti theka lokha la yureniyamu 238 lithe mphamvu.

Kodi anthu ali kudwala nalo fumbi limeneli? Apa akatswiri sanene mawu amodzi. Bungwe la asayansi la Royal Society la ku Britain, m'malipoti ake a mu 2001 ndi 2002, linati kwa asilikali ambiri ngozi ndi yaing'ono, koma kwa owerengeka amene anapuma fumbi lambiri pangakhale kuwonongeka kwa impso ndi khansa ya m'mapapo. Ku Baltimore madokotala akhala ali kuyeza, kuyambira mu 1993, asilikali a America amene ali ndi tizidutswa ta chitsulochi m'thupi. Apeza yureniyamu wochuluka mu mkodzo wawo, koma sanapeze nthenda yaikulu ya impso. Kumbali ina, madokotala a ku Basra, kummwera kwa Iraq, anadandaula kuti itatha nkhondo ya mu 1991 anali kuona ana ambiri odwala khansa ya m'magazi ndi obadwa opunduka. Kufufuza kwa unduna wa za umoyo wa Iraq mothandizidwa ndi bungwe la WHO, kumene kunalengezedwa mu 2013, kunati palibe umboni woonekeratu wakuti ana obadwa opunduka achuluka kopitirira muyeso, koma akatswiri ena anatsutsa njira imene anafufuzira.

Ena akamva zimenezi anena kuti, "Basi, mlandu watha, palibe umboni." Ine ndikana, ndipo zifukwa zanga ndi izi. Anthu amene anayezedwa bwino koposa ndi asilikali, amuna amphamvu amene anakhala pa malo a nkhondo nthawi yochepa nabwerera kwawo kumene kuli zipatala zabwino. Koma otsala pamalopo ndi ena: mlimi wogaula munda, mayi wotunga madzi, munthu wosauka wodula zitsulo za akasinja opserera kuti akagulitse, ndi mwana wosewera m'katimo. Bungwe la WHO lomwelo linachenjeza mu 2001 kuti ana aang'ono ndiwo angalandire fumbi lambiri, popeza dzanja la mwana lichoka m'dothi ndi kupita kukamwa. Ku Iraq zipatala zinali zitagwa ndi nkhondo ndiponso zilango za malonda, mabuku a odwala sanasungidwe bwino, ndipo m'mlengalenga munali zoipa zinanso monga utsi wa zitsime za mafuta zimene zinatenthedwa ku Kuwait. M'dziko lotere umboni uvuta kuupeza, osati chifukwa nthenda palibe, koma chifukwa woyeza alibe zoyezera.

Taonani kusiyana kwake pamene eni mfuti aulula. Mu 2000 NATO inapereka ku United Nations mapu a malo 112 amene inaombera ku Kosovo, ndipo akatswiri a UNEP, nthambi yoona za chilengedwe, anapita kukayeza ena a malowo. Anapeza kuti fumbi silinafalikire patali, nalangiza kuti malowo atchingidwe ndi kusesedwa. Ku Bosnia anapezabe yureniyamu m'madzi a pansi ndi mu mpweya wa m'nyumba zina patatha zaka 7. Anthu akumeneko anadziwa poti apewe. Koma ku Iraq, kumene kunagwa matani ochuluka koposa, America inakhala zaka zambiri osapereka mapu athunthu. Kodi n'chilungamo kuti munthu amene wabisa mapu m'thumba ndiye aziitanitsa umboni? Kumudzi kwathu munthu akathira mankhwala a mbewa pafupi ndi chitsime cha mnzake, amfumu sadikira maliro kuti aweruze. Amuuza kuti aloze pamene anathira, achotse, ndipo alipire.

Ndidziwa kuti alipo anzanga amene anganene kuti chida chopha kasinja msanga chipulumutsa moyo wa asilikali ako, ndiponso kuti Ukraine inalandira zipolopolozi mwa kufuna kwake kuti iteteze nthaka yake. Mawu amenewa ali ndi kulemera kwake ndipo sindiwapeputsa. Koma chitsulo china chilipo chotchedwa tungsten, chimene chilemera chimodzimodzi ndipo sichitulutsa cheza. Akasinja a Germany aombera chimenecho. Ndipo ngakhale woombera ali pa nthaka yake, minda imeneyo ndiyo idzalimidwe tirigu ndi ana ake nkhondo itatha. Kulemba pamene chipolopolo chagwera sikuchotsa mphamvu ya msilikali aliyense.

Kufikira lero palibe pangano la maiko onse loletsa zida zimenezi, ngakhale alipo mapangano oletsa mabomba okwirira pansi, la mu 1997, ndi mabomba omwazika, la mu 2008, amene alamulanso kuti malo asesedwe. Belgium inakhazikitsa lamulo loletsa mu 2007, ndipo Costa Rica inatsatira mu 2011. Kuyambira mu 2007 msonkhano waukulu wa United Nations wakhala uli kukambirana nkhaniyi, ndipo maiko oposa 100 avomereza kuti ifufuzidwe bwino ndi kuti oombera aulule malo. Koma America, Britain, France ndi Israel akhala ali kukana. Akulu anati mlandu suola. Ngati mlandu wa mbuzi suola, nanga wa chitsulo chimene chikhala zaka zosawerengeka?

Pomaliza, wina angafunse kuti zimenezi zitikhudza bwanji ife amene tili kutali ndi Basra. Ine nditi pa msonkhano uja wa United Nations dziko laling'ono lili ndi voti imodzi monga dziko lalikulu, ndipo amene adzakweze dzanja m'malo mwathu mawa ali pa mabenchi a sukulu lero lino. Chifukwa chake tiphunzire sayansi ndi mtima wonse, kuti pamene akuluakulu a nkhondo anena kuti "palibe choopsa," tidziwe kufunsa kuti anayeza ndani, anayeza yani, ndipo mapu ali kuti. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amene ali ndi maganizo osiyana ndi anga, malo alipo m'magazini yotsatira, ndipo ndidzakondwa kuwerenga.

Wophunzira wa mu Fomu 4