ANAKANA BOMBA NDI MANJA OPANDA KANTHU

Pa 13 February 1960, m'mamawa, dziko la France linaphulitsa bomba lake loyamba la nyukiliya. Silinakaphulitsire kwao iai. Linasankha Reggane, m'cipululu ca Sahara, m'dziko la Algeria limene pa nthawiyo linali m'manja mwa atsamunda a ku France. Mphamvu ya bombalo inaposa kanai ya lija linafafaniza mzinda wa Hiroshima mu 1945. Akulu-akulu a ku Paris anati malowo ndi cipululu copanda anthu, cikhalireco kunali midzi, zitsime, minda ndi abusa oyenda ndi ziweto zao.

Miyezi iwiri bombalo lisanaphulike, pa 6 December 1959, kagulu ka anthu osakwana 20 kananyamuka mu mzinda wa Accra ku Ghana, kulinga ku Reggane, mtunda wa mamailosi pafupi-fupi 2,000. Analibe mfuti, analibe nthungo, ngakhale cibonga. Ananyamula madzi, kamba wa pa njira ndi timapepala tofotokozera anthu za kuopsa kwa fumbi la bomba. Ulendo wao sanaubise. Maganizo ao anali akuti: ngati France afuna kuphulitsa, aphulitse anthu ali khale pomwepo, dziko lonse likuona, ngati awagwira pa njira, dziko lonse lifunse cimene alakwa.

Mlimi wa ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi angafunse kuti za ku Sahara zimkhudza bwanji iye amene nkhawa yake iri pa feteleza ndi mtengo wa nshawa. Mlimi yemweyo adziwa kuti moto wa m'thengo sufunsa mwini munda, ndipo utsi wake suima pa Chanida kuti uonetse ciphaso. Anthu a ku Ghana ndi ku Nigeria anali kuopa mphepo ya cilimwe imene imacokera ku Sahara caka ndi caka nithira fumbi m'minda ndi m'zitsime zao. Mantha aowo sanali opanda pake: mapu a asilikali a France amene anaululika mu 2014 anaonetsa kuti fumbi la bomba lija linafalikira m'maiko ambiri a kumadzulo ndi pakati pa Afirika.

Komanso pakati pa oyendawo panali munthu wosakhala mlendo kwa Acewa ndi Angoni. Mbusa Michael Scott, wansembe wa mpingo wa Anglican, anali ku Ntcheu mu 1953 pamene Inkosi Gomani II inauza anthu ake kuti asakhome msonkho ndiponso asamvere malamulo a malimidwe, pokana Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland. Apolisi atadza kudzagwira mfumuyo, Scott anathawa nayo kulowa m'dziko la Apwitikizi. Anabwezedwa, ndipo iye anapitikitsidwa m'dzikomo. Inkosi Gomani inamwalira caka cotsatira. Munthu ameneyu ndiye anali patsogolo pa ulendo wa ku Sahara, pamodzi ndi Bayard Rustin ndi Bill Sutherland, anthu akuda a ku America, Michael Randle wa ku Britain, Ntsu Mokhehle amene pambuyo pake anakhala nduna yaikulu ya Lesotho, ndi anyamata a ku Ghana komweko. Boma la Kwame Nkrumah linawaimira kumbuyo, ndipo anthu wamba anasonkha ndalama za ulendo.

Sanafike patali. Atangodutsa malire a Upper Volta, dziko limene lero ndi Burkina Faso, akulu a France anawaimitsa pa Bittou. Anakana kubwerera. Anakhala pamenepo masiku angapo akulankhula ndi anthu a m'midzi, kufikira apolisi anawazinga, nawatsekereza kuti asaonane ndi munthu. Ulendo waciwiri anaimitsidwa pa Pô, pamene anagona pa mseu masabata awiri ndi kanthu, dzuwa likuwaomba, kufikira anawanyamula ndi kukawataya ku malire a Ghana. Ulendo wacitatu, mu January 1960, anazemba ndi miyendo kudzera m'thengo nafika ku Tenkodogo, kumene anagwidwanso. M'menemo Pierre Martin, mzika ya France yeni-yeni, anasala cakudya masiku 12 pa khomo la kazembe wa dziko lake mu Accra. Pa maulendo onse atatu palibe mmodzi anatola mwala.

Alipo amene amati: nanga phindu lake nciani, popeza bomba linaphulika ndithu? Funsoli ndi la nzeru, ndipo siliyenera kuyankhidwa ndi bodza. Bomba linaphulika, ndipo ena atatu anatsatira pa Reggane pomwepo pofika April 1961. France anapitiriza kuyesa mabomba pansi pa phiri ku In Ekker kufikira 1966, ngakhale Algeria anali atalandira kale ufulu mu 1962. Onse pamodzi anali 17. Atacoka ku Sahara anakabvutitsa a pa zisumbu za m'nyanja ya Pacific kufikira 1996.

Koma ayesedwe ndi zimene zinatsatira. Nkhani imene ikanathera m'makalata a akazembe inalowa m'misika ndi m'mipingo, cifukwa anthu anali kufunsana tsiku ndi tsiku kuti oyenda aja afika pati. Bomba litaphulika, Nkrumah anatsekera cuma ca makampani a France m'dziko lake, ndipo mu April 1960 anaitana msonkhano ku Accra wokambirana za mabomba ndi utsamunda pamodzi. Mu January 1961 Nigeria anathamangitsa kazembe wa France. Mu November caka comweco bungwe la United Nations linapempha maiko onse kuti aleke kuyesa kapena kusunga zida zotere mu Afirika, ndipo mu 1964 atsogoleri a OAU anabwereza mau omwewo ku Cairo. Pangano la Pelindaba, loletsa zida za nyukiliya mu Afirika monse, linasainidwa mu 1996 niliyamba kugwira nchito mu 2009. Sizonse zinabadwa pa Bittou, koma maboma samayenda okha; amayenda akaona kuti anthu ayamba kale kuyenda.

Dziko la Zambia nalo linalawako zipatso za ulendo umenewo. Kuciyambi kwa 1962, Scott, Rustin ndi Sutherland anasonkhana ku Dar es Salaam pansi pa gulu la World Peace Brigade, nagwirizana ndi a Kenneth Kaunda ndi a Julius Nyerere. Anakonza zakuti khamu la anthu a mitundu yosiyana-siyana lidutse malire a Tanganyika ndi miyendo, lopanda zida, kulowa mu Northern Rhodesia, pamene cipani ca UNIP cinali kuopseza kuti anthu onse anyanyala nchito. Roy Welensky anali ndi asilikali okwanira kuombera khamu lotere, koma Angerezi anadziwa kuti manyazi ake adzagwera London. Atasintha malamulo a masankho m'masabata omwewo, UNIP inabvomera kulowa masankho a October 1962, ndipo ulendowo sunacitike. Luso lokonza khamu lotere analiphunzirira pa mseu wa ku Sahara.

Pano mpofunika kunena cilunjikire. Cimene cinagwedeza Angerezi koposa ndi Cha Cha Cha wa 1961, ndipo Cha Cha Cha sanali woyera konse-konse. Anthu anaocha zitupa, cimene ciri kusamvera kwa mtendere; koma ku Northern ndi ku Luapula anaochanso masukulu ndi milatho, asilikali anapha anthu oposa 20, ndipo zikwi zinamangidwa. A Kaunda eni ake, amene anali wophunzira wa Gandhi, pambuyo pake anathandiza omenya nkhondo ya ufulu ku Zimbabwe, ku Mozambique ndi ku South Africa. Palibe anena kuti njira ya manja opanda kanthu imatsegula khomo liri lonse. Koma pa nkhani ya bomba, njira ina ndi iti? Munthu sangalimbane ndi cida cotere ndi uta. Dziko losauka likati lipange lake, lidzadya mbeu ya ana ake. South Africa wa tsankho anakumba zitsime zoyesera mabomba ku Kalahari, zimene zinaululika mu 1977, napanga mabomba 6. Sanampulumutse, ndipo anawaphwasula yekha.

Tsono anyamata a m'nthambi za zipani asasokoneze kusamvera kwa mtendere ndi cipolowe. Wocita cipolowe amabisa nkhope, amathawa, ndipo amasiya mai wogulitsa tomato akulira. Wosamvera mwa mtendere amachula dzina lake, amanena lamulo limene akana ndi cifukwa cake, ndipo apolisi akafika amakhala pansi nalandira cilango. Nchito imeneyi ndi yowawa kuposa kuponya mwala, ndipo siitheka popanda mwambo ndi atsogoleri odziwa kuletsa anthu ao mkwiyo ukafika pakhosi. A pa Pô akanamenya msilikali mmodzi yekha, France akanapeza mau, ndipo nkhani ya fumbi ikanaiwalika tsiku lomwelo.

Nkhaniyi siinathe. Pangano la 1996 loletsa kuyesa mabomba pa dziko lonse silinayambe kugwira nchito, cifukwa maiko ena akulu sanalibvomereze. North Korea anaphulitsa bomba mu 2017. Russia anabweza cibvomerezo cake mu 2023, ndipo mu October 2025 mtsogoleri wa America, Donald Trump, ananena kuti walamula kuti dziko lake liyambenso kuyesa zida zake. Ku Algeria, anthu a ku Reggane ndi In Ekker akali kudandaula za matenda a khansa ndi zitsulo za poizoni zokwiriridwa mu mcenga, ndipo amene analipidwa pansi pa lamulo la France la 2010 ndi owerengeka.

Liripo pangano lina, la 2017, loletsa zida za nyukiliya kotheratu, limene linayamba kugwira nchito mu January 2021. Zambia anasaina mu 2019, ndipo Malawi analibvomereza kwathunthu mu 2022. Phungu akadzaima pa msonkhano ku Mkaika, ku Nyanje kapena pa boma la Vubwi, atatha za feteleza ndi miseu, wina aimirire amfunse kuti panganoli lafika pati ku Nyumba ya Malamulo ku Lusaka.