Lekani kutukwana Addis, vuto lili pa Chileka

Mafana a ku gombe, achimwene ndi achemwali, mkangano uja wa Lamulungu mu gulu ndinauwerenga wonse. Wina akuti bwalo la ndege lozunza kwambiri podikira ndege ina ndi la Addis Ababa. Wina akuti ayi ndi Nairobi. Wina akuti Joni, poti amatsegula zikwama. Nonse mwaponya khoka popanda nsomba. Bwalo limene limazunza Mmalawi kuposa onsewo ndi lathu lomweli la Chileka, ndipo mnzake wa ku Lumbadzi akulitsata pafupi.

Ndikudziwa, wina wayamba kale kutayipa kuti "aise, pa Chileka palibe amene amagona kudikira ndege yachiwiri." Eya. Ndiye nkhani yakeyo. Palibe amene amasinthira ndege pa Chileka chifukwa palibe kosinthira. Bwaloli ntchito yake ndi kukutumiza kukagona pa benchi ya eni.

Masabata ano ndili ku Nguludi, ku Chiradzulu. Mwera waimitsa maboti ambiri kwathu, ndiye ndabwera kumtunda kudzakonza injini za mapampu ndi ya chigayo, dizilo ndi dizilo basi. Kunoku kuli Catholic University, kuli chipatala cha St Joseph ndi sukulu ya anamwino, choncho nkhani za ulendo wakunja sizitha pa tiyirumu. Namwino akuthamangitsa mapepala a ku UK, wophunzira wapeza malo ku India, asisitere akupita ku Rome. Kuchoka pa Nguludi Turn-off kudzera msewu wa Midima, Limbe, Blantyre mpaka pa Chileka sipakwana makilomita 50. Pafupi zedi. Koma pa anthu onsewa palibe ndi mmodzi yemwe amene angakwere ndege pa Chileka n'kukatsika kumene akupita. Aliyense ayenera kukatsitsidwa kaye ku Addis, ku Nairobi kapena ku Joni, n'kuyamba kusakasaka khomo la ndege ina. Ku Lilongwe nakonso n'chimodzimodzi: lero kulibe ndege ya anthu imene imanyamuka m'Malawi kulunjika ku Ulaya, ku Dubai kapena ku India.

Ndipo musaganize kuti zinali choncho kuyambira kale. Funsani agogo anu amene anagwirapo ntchito m'tauni. Mu 1974 Air Malawi inagula chindege cha VC10, ndipo chinkanyamuka pa Chileka pomwepa kupita ku London. Chinkaima panjira, inde, koma munthu sunkasintha ndege. Bwalo la Kamuzu litatsegulidwa mu 1983, British Airways ndi KLM zinkatera ku Lilongwe. Zonsezo zinapita. Air Malawi yomweyo inafa ndi ngongole mu 2013, ndipo imene inalowa m'malo mwake mu 2014, boma lili ndi magawo 51, Ethiopian Airlines 49. Ndiye mukudabwa chiyani kuti njira zathu zambiri zimakhotera ku Addis? Mwini injini ndiye amasankha doko.

Onani pa Zambia apa. Emirates inayamba kutera ku Lusaka mu 2012. Mu 2021 kunabwera Qatar Airways, chaka chomwecho anatsegula nyumba yatsopano pa bwalo la Kenneth Kaunda. Mnyamata wa ku Chipata, wolankhula Chinyanja ngati ife tomwe, amakwera basi mpaka Lusaka n'kukatsikira ku Doha. Nawonso alibe nyanja yamchere ngati ife. Ndiye tisamanamizane kuti ndi tsoka la dziko lopanda doko.

Chimene chinachitika mu January 2019 ena mwaiwala. South African Airways inasiya kaye kutera pa Chileka. Oyendera za ndege a ku South Africa atabwera anapeza mpanda wozungulira bwalo uli wothyokathyoka, galimoto yozimitsa moto ndi ambulansi zili zosadalirika. Mpanda, mafana. Waya. Chinthu chimene mwini shedi ya usipa pa Msaka amakonza yekha Loweruka masana. Chaka chomwecho msewu waukulu wa ndege unatsekedwa miyezi ingapo kuti aukonze, ndege zikuluzikulu zonse kumakatera ku Lilongwe, anthu a kummwera kumayenda makilomita oposa 300 pa basi asanayambe n'komwe ulendo wawo. Msewu wa pa Chilekawo ndi wa makilomita 2.3, pomwe wa ku Kamuzu ndi 3.5. Chindege chodzaza mafuta a ulendo wa maola 10 chimafuna pothamangira patali, monga boti lolemera silidzuka pamadzi ndi injini ya 15. Ndiye akuluakulu anakhala pansi n'kuganiza chochita, ndipo anasintha dzina. Pano akuti Bakili Muluzi International Airport. Ine pa ntchito yanga ndaona maboti ambiri akupentedwa dzina latsopano, "Mulungu Alipo" kusanduka "Zonse ndi Nthawi", koma sindinaone kabureta ikutseguka chifukwa cha penti.

Sindikuti mabwalo enawo ndi paradaiso. Ku Bole, Addis, madzulo ndi usiku anthu amadzadza ngati pa Limbe depoti kumapeto kwa mwezi, chifukwa ndege za mu Africa muno zimafika nthawi imodzi kudzakumana ndi zopita ku Ulaya ndi ku Asia. Mzindawu uli pamwamba, mamita oposa 2,300, ndiye mwana wa ku Mangochi wopita ndi T-shirt amanjenjemera usiku wonse. Ku Nairobi nyumba yofikira alendo inapsa mu August 2013, magetsi anazima maola ambiri mu August 2023, denga linadontha mvula ya November chaka chomwecho, ndipo mu September 2024 ogwira ntchito ananyanyala pokana kuti bwalolo liperekedwe kwa kampani ya Adani, anthu n'kugona pansi. Ku OR Tambo mbiri ya zikwama zotsegulidwa ndi yakale, n'chifukwa chake mumaona anthu akukulunga masutikesi ndi pulasitiki ngati nsomba ya mufiriji. Zonsezi n'zoona. Koma amenewo ndi mavuto a mudzi wa eni, ndipo ife timakakumana nawo chifukwa kwathu kulibe njira. Munthu wokapempha moto kwa aneba tsiku ndi tsiku asamadandaule kuti galu wawo ngolusa.

Tsopano apa ndi pamene pamandipweteka, chifukwa kudikira kumeneku sikupweteka anthu mofanana. Bwana wa ku Capital Hill akatsika ku Addis amalowa m'chipinda cha mabwana, kudya, kusamba, foni pa chaja, alawansi ili m'thumba. Amene amalira ndi mlongo wako, amene akukwera ndege koyamba, Chingerezi chake cha Form 2, m'thumba muli makwacha amene kunja kwa Mwanza palibe angawalandire ngakhale pogula madzi. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako 44 peresenti mu November 2023, madola ku banki ndi nkhondo, ndiye ambiri amanyamuka opanda ngakhale 20 dola ya tiyi.

Ndipo pali misampha imene ogulitsa matikiti a pa kona sakuuzani. Woyamba ndi wa matikiti awiri. Ukagula ulendo wonse pa tikiti imodzi, Chileka mpaka kumene ukupita, ndege yoyamba ikachedwa n'kukuphonyetsa yachiwiri, mlandu ndi wa kampani: akuikanso pa ndege ina osalipira, ndipo chikwama chako amasamutsa okha. Koma ajenti wina, pofuna kudyapo, amakugulira tikiti ya Blantyre kupita Joni payokha, ina ya Joni kupita kutsogolo payokha, makampani osiyana. Papepala zimaoneka zotchipa. Ndege yoyamba ingochedwa ola limodzi, yachiwiri yapita, ndipo kwa iwo iwe ndi munthu amene sanabwere. Ndalama yapsa. Komanso pa matikiti awiri nthawi zambiri umayenera kutuluka, kudinditsa pasipoti, kutenga chikwama, n'kukachiperekanso. Ku Joni Mmalawi amalowa masiku 30 popanda visa, chabwino, koma kwina kutuluka kokhako kumafuna visa ndi madola. Musanapereke ndalama funsani funso limodzi: nambala ya buking'i ndi imodzi kapena ziwiri? Safunsa anadya phula.

Wachiwiri ndi khadi yachikasu, ya katemera wa yellow fever. Ethiopia ndi Kenya ali pa mndandanda wa maiko amene matendawa amapezeka. Ukakhala pa bwalo lawo maola oposa 12, maiko ngati South Africa, ngakhale Malawi yemweyu pobwerera, atha kukufunsa khadiyo, ngakhale sunatuluke panja. Munthu wadwala malungo moyo wake wonse, yellow fever sanaionepo, koma atsekeredwa pa khomo chifukwa cha maola amene anagona pa benchi.

China chimene ambiri sadziwa n'chakuti Ethiopian Airlines imapereka hotela ndi chakudya kwa amene akudikira pakati pa maola 8 ndi 24, ngati ulendo wonse uli pa tikiti yawo ndipo panalibe ndege ina yofulumira. Pepala lake limafunika kufunsa, makamaka pomwe ukupereka chikwama kuno. Anzathu ambiri amagona pansi pomwe bedi lawo linalipiridwa kale mu tikiti. Ndipo wotchi: Addis ndi Nairobi ali patsogolo pathu ndi ola limodzi, nthawi yolembedwa pa tikiti ndi ya komweko. Ku Ethiopia kulinso kawerengedwe kawo ka maola koyambira m'mawa dzuwa likatuluka, kosiyana ndi kathu ndi maola 6, ndiye ukafunsa wosesa kuti nthawi ili bwanji atha kukuuza 2 koloko pomwe ili 8. Yang'ana pa bolodi.

Koma msampha woopsa kuposa yonse ndi wakuti posinthira ndege ndi pamene munthu amasowera. Mu 2024 BBC inatulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 amene anatengedwa kupita ku Oman powalonjeza ntchito zabwino, n'kukapezeka ali akapolo m'nyumba za anthu, mapasipoti atalandidwa. Anawapulumutsa kudzera pa gulu la WhatsApp ngati lathu lomweli. Taganizani mmene ulendo wotere umayendera. Abale amaperekeza mpaka pa Chileka kapena Lumbadzi, kujambulitsa, kubayibitsa, iwo akudziwa kuti mwana akupita ku "Dubai". Tikiti yachiwiri amakaiona ali kale m'dziko la eni, foni ilibe netiweki, alibe ndalama, alibe womufunsa m'chinenero chake. Pamenepo angakane? Abwerera ndi chiyani? Achemwali, wina akakuuzani kuti "tikiti ya kutsogolo mukaipeza ku Addis", musakwere. Jambulani tikiti yonse mpaka mzinda womaliza, pasipoti, ndi kalata ya ntchito, mutumizire anthu atatu kwanu musanadutse pa chipata.

Wina anena kuti iwe makaniki wa Yamaha, za ndege zakukhudza pati. Ife a kunyanja kudikira cholumikiza tinakuyamba kale. Ilala inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951 ndipo imadutsa kamodzi pa sabata. Aliyense wa ku Likoma kapena Chizumulu amadziwa tanthauzo la kufika pa Nkhata Bay n'kumva kuti yanyamuka, kapena kuti ili pa Monkey Bay ikukonzedwa: ndalama ya chakudya imathera pa doko, katundu ukumugonera kuopa akuba, usipa ukuwola m'matumba. Ndipo timadziwanso kuti sitikwiyira Nkhata Bay. Timakwiyira amene kwa zaka zoposa 70 alephera kutipatsa sitima zokwanira.

Za bwalo la ndege la ku Mangochi ndiye musandiyambitse. Kampeni iliyonse limamangidwa pakamwa, alendo a ku Cape Maclear akuti azidzatera pompo. Ine ndinali ku pulayimale pamene ndinamva koyamba, pano ndevu zamera, mzungu wopita ku Chembe akuterabe ku Addis, kudikira, kutera ku Lilongwe, kenako maola anayi kapena asanu pa galimoto. Ambiri amangosankha Zanzibar, kumene ndege za ku Ulaya zimatera zokha. Ndalama imeneyo ikanagula mafuta a maboti athu, ikanalipira anyamata operekeza alendo ku Thumbi, ikanabweretsa injini zoti ine ndizikonza kwathu m'malo mothamangira zigayo ku Chiradzulu.

Ndiye phungu akabwera pa gombe kudzagawa ma T-shirt, musamufunse za mpira. Mufunseni kuti msewu wa ndege pa Chileka udzatalikitsidwa liti, ndalama yake ili pa tsamba liti la bajeti, ndipo ndi kampani iti yakunja imene boma lakhala nayo pansi kuti iyambe kutera kuno. Akayankha za dzina latsopano, mujambuleni vidiyo muponye mu gulu.

Tumizani kwa aliyense amene ali ndi m'bale wokonzekera ulendo, makamaka atsikana.