Wamano Satafuniridwa

Mai akamaletsa mwana kuyamwa amayamba wamtafunira cakudya, ndipo palibe womdzudzula, pakuti mwanayo alibe mano. Koma kutafunira munthu wamkulu, wa mano ace onse, ndiko kumtukwana. Cipongwe cotere cacitika kwa anthu a mu Afrika zaka zambiri m'zithunzi za kanema ndi m'mabuku omwe, ndipo comvetsa cisoni ndi cakuti amene anaciyambitsa anabwerera kwao kale, koma eni dziko ndiwo acisunga.

M'caka ca 1939 boma la Britain linakhazikitsa bungwe lochedwa Colonial Film Unit, lopanga kanema wophunzitsa anthu a m'maiko amene linali kulamulira. Woyang'anira wace anali William Sellers, amene poyamba anagwira nchito ya zaumoyo ku Nigeria. Munthu ameneyu anaphunzitsa kuti Mwafrika wosapita ku sukulu sangathe kutsata cithunzi cothamanga. Motero anaika malamulo akuti kamera isayendeyende, cithunzi ciriconse cikhalitse, ndipo nkhani isalumphe kanthu: munthu akanyamuka pampando aoneke alikuyenda kufikira pakhomo, kuopa kuti oonera angayese kuti wazimirira. Umboni wace unali nthano zimene Azungu anali kusimbirana. Ina inali yakuti anthu ataonetsedwa kanema wa zaukhondo anangokumbukira nkhuku imene inadutsa m'mbali mwa cithunzi. Ina inali yakuti ataona udzudzu wokuzidwa pansalu anati kwao kulibe udzudzu waukulu cotero.

Maganizo onga amenewa anafika ndi kuno. Kuyambira 1948 kufikira 1963 bungwe la Central African Film Unit, limene likulu lace linali ku Salisbury, mzinda umene lero uchedwa Harare, linapanga akanema amene anali kuonetsedwa m'midzi ya Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Ambiri a iwo anali a msoko umodzi: pali amuna awiri, wina amvera mlangizi wa boma nalemera, wina akana nasauka. Ndipo ngati zimenezo sizinakwane, panali womasulira wofotokozera anthu cimene maso ao aona kale.

Koma zocitika zinatsutsa ciphunzitso cimeneci. Hortense Powdermaker, mai wa ku America amene anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954 kuphunzira makhalidwe a anthu a kumigodi, anapeza kuti cimene anthu anakonda koposa ndico kanema wa makaubo a ku America, wa akavalo othamanga ndi nkhonya, amene zithunzi zace zimasintha msangamsanga. Ngwazi ya m'kanema wotere anali kuicha Jack, namaipfuulira pomenya adani ace. Ambiri a iwo Cingelezi ca m'kanemayo sanali kucimva, koma anadziwa wabwino ndi woipa mwa kuona kayendedwe ndi macitidwe ao. Tsono munthu wakuti atsata Jack pa kavalo angalephere bwanji kutsata mlimi wonyamula khasu?

Ndiponso luso lobisa tanthauzo silinabwere ndi sitima. Gogo akayamba nthano madzulo, ana amavomera kuti ali naye pamodzi, ndipo kuvomerako ndilo pangano lakuti nchito ya nthano iri ya onse, wosimba ndi womva. Akasimba za Kalulu amene anakana kukumba citsime, nanyenga alonda ndi uci kufikira Fulu anamgwira, palibe mwana wofunsa cifukwa cace nyama zilankhula. Onse adziwa kuti akunenedwa ndi munthu, kapena wina wa m'mudzi momwemo. Pabwalo la milandu nduna ikati cala cimodzi siciswa nsabwe, palibe woyang'ana m'mutu mwa mnzace. Anthu oleredwa ndi miyambi ndi zirapi ndiwo akatswiri a kumva mau ophiphiritsa.

Opanga kanema anzeru amadalira mphamvu yomweyi ya woonera. Ca m'ma 1920 mphunzitsi wa kanema wa ku Russia, Lev Kuleshov, anatenga cithunzi cimodzi ca nkhope ya Ivan Mosjoukine, yosaseka ndi yosalira, nacilumikiza ndi zinthu zitatu: mbale ya msuzi, bokosi la maliro, ndi mwana wosewera. Monga anasimbira wophunzira wace Vsevolod Pudovkin, oonera anatama munthuyo kuti waonetsa bwino maganizo osiyana pa cinthu ciriconse, cikhalirenico nkhope inali yomweyo. Cisoni ndi cimwemwe zimene anaona zinacokera m'mitima yao. Wolumikiza zithunzi amaika mafuwa ndi nkhuni. Moto amakoleza ndi woonera.

M'mabuku ndi cimodzimodzi. Chinua Achebe wa ku Nigeria, m'buku lace la 1958 lochedwa Things Fall Apart, ayendetsa wowerenga ndi Okonkwo kuyambira pa kuchuka kwace kufikira pa tsiku limene adzimangirira. Pa tsamba lotsiriza nkhani ilowa mwadzidzidzi m'mutu mwa Bwana D.C., amene aganiza kuti imfa ya munthuyu ingakwane ndime imodzi m'buku limene iye alikulemba. Achebe sanalalike kuti atsamunda anacepsa anthu. Anangoika moyo wathunthu pafupi ndi kandime kamodzi, ndipo wowerenga amapsa mtima yekha. Mkwiyo wodzipezera wotere sucoka msanga.

Mwana wa Zambia nayenso waonetsa njira. Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka ndi kukulira ku Wales, anatulutsa mu 2017 kanema wochedwa I Am Not a Witch, amene mu 2018 analandira mphotho ya BAFTA. Nkhani yace ndi ya Shula, kamtsikana konamiziridwa ufiti. Akazi onse onenedwa kuti ndi mfiti amangidwa kumsana ndi riboni yoyera yaitali yokulungidwa pa cigudumu, ndipo Shula auzidwa kuti akaidula adzasanduka mbuzi. Riboniyo ndi yopyapyala, yakuti ndi mwana yemwe angaidule. Woonera azindikira yekha kuti cimene cimanga akaziwo ndiwo mantha ndi phindu la owagwiritsa nchito. Palibe woima kutsogolo kumasulira zimenezi.

Ena adzati: nanga uthenga ukapanda kumveka? Mau ao ali ndi malo ace. Wophunzitsa kamwedwe ka mankhwala anene poyera kuti mapiritsi ndi angati, pakuti pamenepo kuphiphiritsa kungaphe munthu. Ndiponso woona kanema koyamba amadodoma, monga adodomera aliyense pa cinthu cacilendo. Anthu a ku Ulaya naonso anacita kuphunzira. Koma kudodoma kwa tsiku limodzi si cilema ca mtundu wa anthu. Colakwa ndico kutenga lamulo la cikalata ca kucipatala ndi kumangira nalo nkhani zonse, kotero kuti sewero lisanafike pakati munthu wadziwa kale kuti woledzera adzafa ndipo womvera adzagula njinga, ndi kuti pomaliza wina adzaima kunena phunziro lace. Anthu amaombera m'manja mwaulemu, koma pobwerera kunyumba alibe cokambirana, cifukwa zonse zanenedwa.

Cifukwa cace mnyamata kapena mtsikana wotsiriza sukulu amene afuna kulemba buku, kapena kujambula nkhani ndi foni yace, ayambe waphunzira kwa agogo ace. Asankhe cinthu cimodzi cooneka ndi maso cimene cingasenze nkhani yonse. Aike zinthu ziwiri pafupi ndi kukhala cete. Acotse ciganizo cotsiriza cimene cifotokoza zimene nkhani yanena kale. Akatero adzakhala atalemekeza anthu a kwao, pakuti adzawapatsa nyama ndi fupa lomwe, podziwa kuti mano ali nao.